MADZI NDI MAFUTA SAPANGANA: CINSINSI CA SOPO, MCERE NDI FETEREZA

Munthu akaima m'mamawa pa mjigo wa m'mudzi uli wonse wa kwa Mfumu Mlolo, kwa Zingalume kapena kwa Mwangala m'boma la Chadiza, adzaona zinthu zimene maso athu anazizolowera kotero kuti sitifunsanso cifukwa cace. Mai wina akutsuka mphika umene dzulo anakazingiramo kapenta. Wathiramo madzi katatu, koma mphikawo ukali noninoni. Pambali pace pali mnyamata amene wangobwezera cheni ca njinga, manja ali bii ndi girisi, ndipo ngakhale apukuse mjigo kufikira mikono itawawa, girisiyo sacoka. Koma mai yemweyo akafika kunyumba nathira mcere m'ndiwo, mcerewo usowa pomwepo ngati sunalowemo.

Kumunda nako kuli cozizwitsa ca mtundu womwewo, koma ici ndiye cimadya ndalama. M'mwezi wa Januwale mvula ikagwa sabata lathunthu osakata, cimanga cimene mwini wace anacithirira fetereza bwinobwino cimayamba kucita cikasu. Mlimi akaona tero amadandaula kuti fetereza wa masiku ano ngwacabe, kapena kuti wogulitsa anamusakaniza ndi mcenga. Nthawi zina dandaulo lotere lingakhale loona. Koma kawirikawiri feterezayo anali wabwino ndithu, kungoti anacoka m'munda pamodzi ndi madzi.

Mafuta okana kucoka mumphika, mcere wosowa m'ndiwo ndi fetereza wothawa m'munda, zonsezi muzu wace ndi umodzi. Ana athu a sekondale amaziphunzira m'phunziro la kemisitiri, koma nkhaniyi siyenera kuthera m'kalasi ai, pakuti amene amakomana nayo tsiku ndi tsiku ndi makolo ao.

KANTHU KA MBALI ZIWIRI

Cinthu ciri conse, kaya ndi madzi, mwala, mpweya kapena thupi la munthu, cinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono tochedwa maatomu. Maatomu akagwirana awiri kapena ambiri, kagulu kaoko kamachedwa molekyulu. Kucepa kwa tinthu timeneti nkobvuta kukhulupirira. Anthu onse a pa dziko lapansi, amene apitirira 8 biliyoni, atati awerenge mamolekyulu a m'dontho limodzi la madzi, munthu ali yense namawerenga imodzi pa sekondi iri yonse usana ndi usiku, nchitoyo ingawatengere zaka zoposa 6,000.

Molekyulu ya madzi iri ndi maatomu atatu: imodzi ya okosijeni ndi awiri a haidrojeni. Cimene cimawamanga pamodzi ndi tinthu tina ta magetsi, maelekitironi, timene amagawana. Koma kugawanako sikolingana. Ganizirani munthu wamkuru ndi mwana atafunda bulangete limodzi m'cisanu ca mu Juni. Bulangete ndi la onse awiri, komabe pofika m'bandakuca lambiri liri kwa wamkuru, mwana wangotsala ndi kansonga. Okosijeni ndiye wamkuruyo. Amakokera maelekitironi kwa iye, motero mbali yace imakhala ndi magetsi a − pang'ono, ndipo mbali ya mahaidrojeni imatsala ndi magetsi a + pang'ono.

Kuonjezera apo, maatomu atatuwa sanandandalike mowongoka ngati ndodo. Anapindika ngati phanda la legeni, okosijeni ali pa mphanda, mahaidrojeni ali ku nsonga ziwirizo, ndipo kutanuka kwa mphandayo ndi madigiri 104.5. Cifukwa ca kupindikaku, molekyulu yonse iri ndi mutu ndi matako, monga batire la mu wailesi liri ndi mbali ya + ndi mbali ya −. Akatswiri amaichula molekyulu yotere kuti polar, ndiye kuti ya mbali ziwiri. Kupindika kumeneku nkofunika zedi. Mpweya umene timaturutsa popuma ulinso ndi okosijeni wokoka mwamphamvu, koma maokosijeni ace awiri ali uku ndi uku mowongoka, kaboni ali pakati, ndipo amakoka molingana ngati ng'ombe ziwiri zoyang'ana kosiyana. Palibe mbali imene ipambana.

Amene anatsegula nkhani imeneyi ndi Peter Debye wa ku Netherlands, yemwe m'caka ca 1912 anasonyeza njira yopimira kusiyana kwa mbali ziwirizi, nalandira mphoto ya Nobel mu 1936. Mu 1932 Linus Pauling wa ku America anaika manambala pa mphamvu ya kukoka ya atomu iri yonse. Okosijeni anampatsa 3.5, kaboni 2.5, haidrojeni 2.1. Manambala atatuwa ndi okwanira kulongosola mphika wa mai uja. Pakati pa okosijeni ndi haidrojeni kusiyana nkwakukuru, ndiye madzi amenewo. Pakati pa kaboni ndi haidrojeni kusiyana nkocepa, bulangete lagawidwa pafupifupi molingana, ndipo mafuta ophikira, palafini, dizilo, girisi ndi phula anapangidwa makamaka ndi maatomu awiri amenewa. Iwo alibe mbali ya + kapena ya − yoti madzi angagwirepo.

Tsono popeza + amakoka −, mamolekyulu a madzi amagwirana okhaokha, mutu wa uyu ku matako a mnzace. Nkugwirana kumeneku kumene kumacititsa kuti madzi akhale madzi. Mpweya woyaka umene umacokera ku ndowe zoola, wochedwa methane, uli ndi molekyulu yolemera pafupifupi cimodzimodzi ndi ya madzi, koma poti ulibe mbali ziwiri umabwata pa madigiri 161 kunsi kwa ziro, pamene madzi amadikira kufika madigiri 100. Madzi akadakhala ngati methane, bwenzi mtsinje wa Nsadzu uli mpweya wokhawokha. Kugwirana komweku ndiko kumathandiza madzi kukwera m'phesi la cimanga kucokera ku mizu kufika ku ngaiyaye ngati cingwe cosaduka. Ndikonso cifukwa cace madzi a mumtsuko amazizira ngakhale mu Okutobala: madzi ocuca kunja kwa mtsuko amafuna kutentha kwambiri kuti alekane ndi anzao nauluke, ndipo kutenthako amakutenga kumtsuko komweko. Thukuta limacita nchito yomweyo pa thupi lathu.

Nanga mcere umapita kuti? Mcere uli ndi tizigawo tiwiri, kena ka + kena ka −, togwirana zolimba. Ukalowa m'madzi, mamolekyulu a madzi amauzinga, ena natembenuzira mbali yao ya − ku kacigawo ka +, ena mbali ya + ku kacigawo ka −, namakoka kufikira tizigawoto titalekana. Lita imodzi ya madzi ingasungunule magalamu pafupifupi 360 a mcere. Shuga ndiye amaposa apo kutali, pakuti molekyulu yace iri ndi malo ambiri a okosijeni ndi haidrojeni ofanana ndi a madzi. Mafuta okha ndiwo alibe pogwira. Madzi amangogwirana okhaokha nawakankhira kunja, ndipo popeza mafuta ngopepuka, amayandama pamwamba. Mucione pa nthenga za bakha kapena pa tsamba la koko: madontho amangogubuduka cifukwa ca mafuta ndi phula ziri pamenepo.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Tibwerere kumunda, kumene nkhaniyi imakhudza nkhokwe. Mizu ya mbeu iribe mano. Imangomwa cakudya cimene casungunuka m'madzi, motero fetereza ali yense anapangidwa dala kuti azisungunuka. Ubwino wace ndi womwewo, bvuto lacenso ndi lomwelo.

Fetereza wa urea ndi molekyulu ya mbali ziwiri, ndipo amakonda madzi kotero kuti lita imodzi ingasungunule kilogalamu yathunthu. Dzina lace linacokera ku mkodzo, m'mene anapezeka poyamba, ndipo Friedrich Wöhler wa ku Germany ndiye anayamba kumupanga ndi manja mu 1828. M'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a naitrojeni, cakudya cimene cimabiriwitsa masamba. Alimi acikulire amakumbukanso ammonium nitrate, amene fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia ku Kafue inayamba kupanga mu 1970, ndipo ambiri anamdziwira pa madepoti a Namboard bungwelo lisanathe mu 1989. Iye ali ndi makilogalamu 17 a naitrojeni m'thumba lofanana. Compound D, wa pansi uja, ali ndi makilogalamu 5 okha a naitrojeni, pakuti nchito yace yaikuru ndi fosifeti wa mizu.

Cimene cimacitika fetereza akalowa m'nthaka ndi ici. Timibulu ta dongo ndi ta manyowa oola tiri ndi magetsi a − pa khungu lao. Cakudya ca mbeu cimene ciri ndi + cimamamatira pamenepo, ndipo mvula siicicotsa msanga. Urea akangosungunuka amayenda ndi madzi kuli konse, koma pakapita masiku owerengeka amasanduka amoniyamu, amene ali ndi +, motero dongo limamgwira. Pambuyo pace tizirombo ta m'nthaka timasandutsa amoniyamuyo kukhala naitreti m'masabata ocepa, ndipo naitreti ali ndi −. Dongo liri ndi −, naitreti ali ndi −, ziwirizi sizigwirana. Bwenzi la naitreti ndi madzi okha, ndipo kumene madzi apita nayenso apita. Mvula ikacuruka amatsika kupitirira pamene mizu ifika. M'minda ya mcenga, imene iri yambiri kuno, dongo ndi locepa ndipo madzi amapyola msanga, cotero kutayikako nkwakukuru.

Ici ndico cifukwa cace alangizi a zaulimi, kuyambira masiku a pulogalamu ya Lima kufikira lero, akhala akunena kuti fetereza wa pamwamba adikire cimanga cifike m'maondo. Pa msinkhu umenewo mizu yatambalala ndipo mbeu iri ndi njala, motero imamwa naitrojeni asanathawe. Amene amathira fetereza wa pansi ndi wa pamwamba tsiku limodzi pobzala, poti apepukidwe nchito, amakhala atapereka gawo lina la thumba lace kwa madzi. Ku nthaka ya mcenga nkwabwino koposa kugawa fetereza wa pamwambayo pawiri, theka cimanga ciri m'maondo, theka lina patapita masabata awiri kapena atatu. Nchito icuruka, inde, koma thumba ndi lomwelo ndipo lambiri lilowa m'cimanga.

Pali kutayika kwina kumene maso saona. Urea akangomwazidwa pamwamba pa nthaka yonyowa pang'ono, dzuwa liri phwee, mbali ina imasanduka mpweya wa amoniya, uja umanunkha m'khola la mbuzi, niuluka. Mankhwala ace ndi kubaya kadzenje pambali pa phando, kuthira, ndi kufotsera. Fosifeti wa mu Compound D ali ndi khalidwe losiyana kotheratu. Iye amagwidwa ndi nthaka pomwe wagwera ndipo sayenda, motero ayenera kuikidwa pansi, pafupi ndi pamene mizu idzapita, pa nthawi yobzala. Kumwaza D pamwamba cimanga citakula kale ndiko kuika nsima pa denga mwana ali pansi.

Mtolankhani wanu aona kuti pa nkhani ya manyowa tabwerera m'mbuyo. Boma lino liri ndi ng'ombe, koma makola ambiri ali ndi ndowe za zaka ndi zaka zimene sizinapite kumunda, ndipo mapesi timawatentha pofuna mbewa. Manyowa oola amagwira madzi ndiponso cakudya ca + kuposa dongo lomwe, ndiye kuti amathandiza fetereza wogula uja kukhalitsa pafupi ndi mizu. Ciyambire 2002 Boma lakhala likuthandiza alimi ang'onoang'ono kupeza fetereza pa mtengo wotsika, koma palibe pulogalamu imene ingauze madzi kuti asatsike mumcenga.

Posunga napo pafunika nzeru yomweyo. Urea ndi ammonium nitrate amakoka cinyezi ca mumpweya, nkuona thumba losiyidwa pansi kapena losamangidwa kukamwa limauma gwa ngati mwala. Liikidwe pa mitengo, kutali ndi khoma. Ndipo ammonium nitrate asayandikane ndi palafini, dizilo kapena moto. Ku migodi amamsakaniza ndi dizilo pophwanya miyala, ndipo mu Ogasiti 2020 mulu waukuru wa mankhwala amenewa unaphulika pa doko la Beirut ku Lebanon nupha anthu oposa 200.

Naitreti wotsika uja sathera m'malere. Amakafika ku madzi a pansi, ndipo zimbudzi ndi makola nazo zimaturutsa naitreti yemweyo pamodzi ndi tizirombo ta matenda. Bungwe la World Health Organization linaika malire a mamiligalamu 50 pa lita imodzi ya madzi akumwa, makamaka cifukwa ca makanda, amene magazi ao amalephera kunyamula mpweya bwino naitreti akacuruka. Kuwiritsa madzi kumapha tizirombo koma naitreti sikumcotsa. Motero cimbudzi ndi khola zikhale kumunsi kwa citsime, pa mtunda wosacepera mamita 30.

SOPO NDI NKHOSWE

Banja likasemphana, mwamuna ndi mkazi osalankhulana, timaitana ankhoswe, anthu amene mau ao amamveka mbali zonse ziwiri. Pakati pa madzi ndi mafuta, nkhoswe ndi sopo. Molekyulu yace iri ngati mbululu: mcira wautali wa kaboni ndi haidrojeni, umene uli mbale wa mafuta, ndi mutu wa magetsi a −, umene uli mbale wa madzi. Pamene mai akupaka sopo mumphika, micira imalowa m'mafuta, mitu nitsala kunja m'madzi. Akamakweca, mafuta amaduka timadontho ting'onoting'ono, kali konse katazingidwa ndi mitu ya sopo, ndipo madzi amatinyamula natuluka nato. Madzi ofunda amafewetsa mafuta, nchito nifulumira.

Sopo amapangidwa ndi mafuta omwewo ataphikidwa ndi mankhwala owawa a mtundu wa soda, ndipo Michel Chevreul wa ku France ndiye analongosola bwino za kusandulika kumeneku mu 1823. Koma agogo athu anali nako kale kacidutswa ka nzeruyi. Cidulo cimene amacheza m'phulusa la mapesi kapena zitsononkho ndi mcere wa potashi umene madzi asungunula, ndipo phulusa likakomana ndi mafuta a mumphika limasandutsa ena mwa iwo kukhala sopo pomwepo. Nkuona mphika wokwecedwa ndi phulusa umayera kuposa wokwecedwa ndi mcenga wokha.

Amai ena amadandaula kuti madzi a pa mjigo wakuti amatha sopo, thobvu osaturuka, pamene madzi a mvula amacita thobvu ndi kasopo kocepa. Sakunama. Madzi okhalitsa m'miyala ya pansi amasungunula laimu, amene ali ndi magetsi a + owirikiza. Iye amagwira mitu ya sopo niisandutsa zoyerayera zija zimatsala m'mbali mwa beseni, motero sopo woyamba amathera kumenyana ndi laimu asanakhudze nkomwe litsiro. Sopo wa ufa sagwidwa kwambiri motero. Amene ali ndi denga la malata acita bwino kutunga madzi a mvula ocapira.

Tsono apa ndi pamene nkhani ya sopo ikhudza moyo weniweni. Khungu la munthu liri ndi mafuta ace, ndipo tizirombo ta matenda timamamatira m'mafuta amenewo pamodzi ndi litsiro. Madzi okha amangodutsa pamwamba monga pa nthenga za bakha zija. M'mwezi wa Januwale 2023 matenda a kolera anabuka ku Vubwi, dera limene linali mbali ya boma la Chadiza kufikira 2012. Kuyambira Okutobala caka comweco kufikira m'caka ca 2024 mliri wina waukuru unagwa m'dziko muno, makamaka mu Lusaka, kumene bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala. Anthu oposa 20,000 anadwala ndipo oposa 700 anamwalira. Kolera amayenda m'madzi ndi m'cakudya zodetsedwa ndi cimbudzi, ndipo manja ndiwo mlatho wace waufupi.

Mwambo wathu wosamba m'manja m'mbale imodzi, kuyambira wamkuru kutsirizira mwana, ngwaulemu, koma taonani amene amalandira madzi otsiriza: ndi wamng'ono, amenenso thupi lace silicedwa kugonja. Ulemu sungacepe ngati mwana agwada nathirira akuru madzi a m'jagi, ali yense napaka sopo kwa masekondi 20 asanatsukuluze. Pamene sopo palibe, phulusa loyera la pamoto liposa madzi okha. Pa nthawi ya Covid-19, imene inafika m'Zambia mu Malici 2020, sopo anali ndi nchito yoposa apa, pakuti kacirombo ka matendawo kanakutidwa ndi cikopa ca mafuta, ndipo micira ya sopo imang'amba cikopaco.

Wina akayamba kutsegula m'mimba, cimene cimapha msanga ndi kutha kwa madzi ndi mcere m'thupi, pakuti thupi la munthu wamkuru ndi madzi pafupifupi magawo 60 pa 100. Matumbo ali ndi timakomo timene timalowetsa mcere pokhapokha utatsagana ndi shuga, ndipo mcere ukalowa, madzi, amene saleka kuutsata, amalowa nao. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya timapaketi ta ORS ta ku cipatala. Mu 1971 dotolo wa ku India, Dilip Mahalanabis, anamwetsa madzi otere anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh amene anagwidwa ndi kolera, ndipo imfa zinatsika kucoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 kufika pa osakwana 4. Paketi ikasowa, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mcere. Musapyole muyeso wa mcere. Wodwala azimwa pang'onopang'ono ali pa ulendo wa ku cipatala.

MANKHWALA A THONJE

Alimi a thonje, amene ambiri anayamba ulimiwu m'masiku a Lintco, ndiponso onse amene akhala akulimbana ndi nchemberezandonda za m'cimanga ciyambire kumapeto kwa 2016, amadziwa kuti mankhwala ambiri opopera akathiridwa m'madzi amayera ngati mkaka. Kuyerako kuli ndi tanthauzo. Mankhwala enieniwo ndi a mtundu wa mafuta, sasungunuka m'madzi, motero opanga anaikamo nkhoswe ya mtundu wa sopo kuti abalalike timadontho. Anawapanga a mtundu wa mafuta dala, kuti apyole khungu la phula la mbozi.

Tsoka lace nlakuti khungu la munthu nalo limacinga madzi koma limalola za mafuta. Mnyamata wopopera cifuwa ciri pamtunda, mpope ukudontha pamsana, thukuta liri kamukamu, akumwa mankhwala ndi khungu lace ngakhale kukamwa kuli kotseka. Kudziguguda ndi madzi a m'dambo pambuyo pace sikukwanira. Pafunika sopo thupi lonse, ndipo zobvala zopoperera zicapidwe pazokha, osati pamodzi ndi za ana. Botolo lotha mankhwala lisasungidwemo mafuta ophikira, mkaka kapena mcere ngakhale litsukidwe kakhumi, cifukwa pulasitiki ndi mbale wa mafuta ndipo imamwa mankhwalawo, kenaka nkuwabwezera m'cakudya.

Pali cikhulupiriro cofala cakuti womwa mankhwala otere ampatse mkaka kapena mafuta ophikira kuti aphe ululu. Kwa mankhwala okonda mafuta, zimenezi zingathandize poizoni kulowa m'magazi. Wotere athamangire naye ku cipatala, botolo kapena cipepala cace ciri m'manja, kuti a cipatala adziwe cimene akulimbana naco. Dziko lonse linaphunzira za mankhwala okonda mafuta kudzera mwa DDT. Poti sasungunuka m'madzi, thupi limalephera kumturutsa ndi mkodzo, ndipo amaunjikana m'mafuta a nyama, a nsomba ndi a anthu, kufikira mumkaka wa m'mawere. Pangano la maiko la ku Stockholm la mu 2001 linamletsa pa ulimi, nkungomsiyira nchito yolimbana ndi udzudzu wa malungo.

KU KHICHINI

Mavitamini nao anagawikana pawiri. Vitamini C ndi a mtundu wa B amasungunuka m'madzi, motero mai amene amawiritsa mnkhwani kapena bonongwe m'madzi ambiri nataya msuzi, wataya cakudya. Soda ndi cidulo zikacuruka zimaononganso ena mwa mavitamini amenewa. Vitamini A, woteteza maso ndi kulimbitsa thupi la mwana, ali mbali ya mafuta, ndipo matumbo samlandira bwino popanda mafuta pang'ono. Apa amai a kuno kum'mawa anapambana kale asanamve dzina la vitamini. Ndiwo zotendera ndi nshawa, zimene pafupifupi theka lace ndi mafuta, zimapereka vitamini A wa m'masamba kuposa ndiwo zongowiritsa ndi mcere. Kuyambira 1998 shuga wogulitsidwa m'Zambia amaikidwamo vitamini A mwa lamulo, ndipo mu 2012 kunaturutsidwa mbeu za cimanga ca orenji cokhala ndi vitamini yemweyo, koma supuni ya nsinjiro m'phala la mwana ikali ndi malo ace.

Mnyamata wa girisi uja, akadziwa zonsezi, sadzabvutikanso pa mjigo. Apake manja timafuta tophikira pang'ono, girisi asungunuke mwa mbale wace, kenaka asambe ndi sopo. Ambiri amacita zimenezi ndi palafini kapena petulo, koma izi zimacotsa ndi mafuta a khungu omwe, manja nkuyamba kung'aluka.

Palafini ali ndi ngozi inanso. Amaoneka mbee ngati madzi, ndipo timakonda kumsunga m'mabotolo a zakumwa pansi pa bedi, pamene mwana waludzu afika. Mwana akamwa palafini musamsanzitse. Popeza palafini sagwirana yekhayekha monga madzi, amayanza msanga pali ponse, ndipo pobwerera kukhosi amalowa m'mapapo, m'mene amaononga koposa m'mimba. Mbvuleni zobvala zonyowa, msambitseni ndi sopo, mupite naye ku cipatala.

Cimodzimodzi mafuta akagwira moto pa mbaula, monga zimacitikira amai okazinga zitumbuwa pa msika wa pa Boma. Dzanja limathamangira ku ndowa ya madzi, koma madziwo sasakanikirana ndi mafuta. Amamira pansi pa mafuta otentha kuposa madigiri 100, nasanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo nthunziyo imamwaza mafuta oyaka kumaso, pa citenje ndi pa denga la udzu. Bvundikirani ciwayaco ndi cibvundikiro ca citsulo kapena thireyi kuti moto usowe mpweya, ndipo musacinyamule kufikira citazizira. Palafini kapena dizilo woyaka pansi azimidwe ndi mcenga kapena dothi.